Za DVD ya nkhonya imene ndatumiza

Achimwene, mwaswera bwanji kumeneko? Ndangoweruka kumene, ndiye ndati ndikuuziretu za DVD ili m'katundu amene akufika Loweruka uja. Ndi Raging Bull, filimu ya 1980 imene anakonza Martin Scorsese. Mukaiyika musaganize kuti TV yafa, anaijambula dala yopanda mitundu, yakuda ndi yoyera basi, kupatula pang'ono pakati pamene akuonetsa zithunzi za banja. DVD player yanu ikakana, vuto ndi loti ma DVD a kuno ku Britain ndi a region 2 pomwe kwathuko ndi region 5, ndiye muyesere pa laputopu.

Chonde, ana ang'onoang'ono asakhalepo. Muli kutukwana kwambiri, ndipo Jake LaMotta, mwini nkhaniyo, amamenya mkazi wake Vickie, mpaka m'bale wake weniweni Joey, chifukwa cha nsanje. Ndatumizira mnyamata wanu wamkulu uja wayamba nkhonya, koma muonere naye limodzi, musamusiye yekha.

LaMotta anali munthu weniweni wa ku New York. Anatenga lamba wa middleweight mu 1949 atagonjetsa Marcel Cerdan. Ndi Sugar Ray Robinson anamenyana kasanu ndi kamodzi, iye n'kupambana kamodzi kokha. Nkhonya yawo yomaliza, ya mu 1951 ku Chicago, woyimbira anaimitsa m'raundi ya 13, LaMotta ali magazi okhaokha koma osagwa. Pamenepo muonetsetse, achimwene. Kamera ili m'kati mwa ring'i momwemo, chibakera chilichonse mumachimva ngati chagwera inuyo. Thelma Schoonmaker, amene analumikiza zithunzizo, analandira nazo mphoto ya mafilimu ya Oscar. Robert De Niro, amene anasewera ngati LaMotta, nayenso analandira, ndipo ananenepa makilogalamu pafupifupi 27 kuti aoneke ngati LaMotta atasiya nkhonya.

Koma chimene odziwa mafilimu amaitamira kwambiri n'choti sinamukometsere katswiriyo. Ukali umene ukumupambanitsa m'ring'i ndi womwewo ukupasula banja lake. Lamba uja amafika pomuphwanya ndi hamala kuti agulitse miyala yake. Ine pamenepo mtima unandiwawa, ndipo n'zimene ndikufuna mnyamatayo aone asanayambe kutchuka.

Ndi ya maola awiri ndi mphindi zochepa, ndiye musankhe tsiku loti magetsi alipo. Katundu akafika mundiuze. Mupereke moni kwa amayi, muwauze kuti ndiwayimbira Lamulungu tikatuluka kutchalitchi.