Supu ya makaroni m'mamawa ku Hong Kong

Moni abale anga kumudziko, ndi inu a ku Joni, a ku UK ndi kwina konse kumene mukundimvera. Ndikulankhula ndili m'kachipinda kanga kuno ku Sham Shui Po, ku Hong Kong. Mukamva china chikubwata chapansipansi, ndi poto wanga ameneyo.

Lero tikambe za kadzutsa. Kuno anthu amafisula supu ya makaroni. Ee, makaroni omwe aja, koma ali m'msuzi wa nkhuku wamadzimadzi, pamwamba atayikapo hamu wodula timizeretimizere. Mumaipeza m'malesitilanti a anthu wamba otchedwa cha chaan teng, ndipo imabwera ndi dzira, buledi wowotcha wopaka batala, ndi tiyi wamkaka wowawirako amene amasefera m'kathumba kansalu. Malo ndi ochepa, ndiye amakukhazikani tebulo limodzi ndi munthu wosamudziwa, zigongono kugundana. Palibe zocheza. Mwadya, mwalipira, thamangirani sitima ya MTR.

Mwina mukudabwa kuti makaroni afika bwanji m'mbale ya Mtchaina. Dera lino linali m'manja mwa Angerezi mpaka 1997, ndipo kale zakudya zachizungu zinkapezeka m'mahotela a anthu olemera okhaokha. Itatha Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse, timalesitilanti totchipa tinayamba kutenga zinthu za azunguwo, monga nyama yam'chitini ndi mkaka wam'chitini, n'kumaphika mwa njira yawoyawo kuti wa m'fakitale naye alaweko. Makaroniwo anangowaponya m'msuzi mmene amachitira ndi manudozi awo.

Ine ndimaphika chonchi. Madzulo ndimagula mafupa a nkhuku pamsika, n'kuwawiritsa pamoto wochepa ndi kachidutswa ka jinja, uku ndikuyengula thovu lija. Ambiri kuno savutika choncho, amangotsegula chitini cha msuzi wa Swanson, koma kwa ine mcherewo umachuluka. M'mawa makaroni ndimawiritsa paokha. Apa mumvetsetse: mukawaphikira mumsuzi momwemo, msuzi umachita mbuu, n'kulemera ngati phala. Akapsa ndimawatsuluza, kuwatsuka ndi madzi ozizira, kenako m'mbale. Msuzi wotentha pamwamba, tsabola woyera pang'ono, anyezi wamasamba, ndi kadontho ka mafuta a chitowe. Nyama yam'chitini ndimaikazinga mpaka m'mbali mufiire, dzira ndimalisiya lofewa pakati kuti likaphulika lisakanikire ndi msuzi. Anzanga achisilamu amene timakumana nawo ku Chungking Mansions, chinyumba chachikulu cha mashopu ndi malo ogona alendo, amaikamo nyama ya nkhuku m'malo mwa hamu, ndipo siichepa kukoma.

Kunena zoona, si chakudya chodzitama nacho. Wokonda ndiwo zokolera tomato ndi kambuzi adzati mulibe kanthu. Koma kukazizira mu Januwale, m'nyumba zathu zopanda chotenthetserazi, kapena chimfine chikakugwira uli wekhawekha kutali ndi amayi ako, mbale imeneyi imatsika bwinobwino ndipo thumba silidandaula. Kambuzi wanga wowuma ndimathiramobe, eni ake asandione.

Basi, makaroni anga angafewetse. Sabata yamawa tidzakambe za lendi, chifukwa ena mukundifunsa kuti kachipinda aka ndimalipira zingati. Tsalani bwino.