Mawu a m'mawa: Chitseko cha ofesi chikhale chotsekula

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo. Lero tiwerenge Genesis 39:11. Yosefe analowa m'nyumba kukagwira ntchito yake, ndipo antchito anzake onse munalibe. Mkazi wa Potifara ankamunyengerera tsiku ndi tsiku, koma anafika pomugwira chovala tsiku limene anatsala awiriwiri.

Ayuda osunga chilamulo ali ndi lamulo lotchedwa yichud: mwamuna ndi mkazi amene sali pa banja, ndiponso si achibale apafupi, asadzitsekere okha m'chipinda. Talmud, buku lakale la ziphunzitso za aphunzitsi achiyuda, imanena kuti bwalo la Mfumu Davide ndilo linalikulitsa kuti liteteze ngakhale osakwatiwa, Amnoni atagwiririra Tamara. Paja Amnoniyo anayamba watulutsa anthu onse m'chipindamo. Rabbi Yosef Karo analilembanso mu Shulchan Aruch, buku la malamulo losindikizidwa ku Venice mu 1565, ndipo mpaka lero m'maofesi ena ku Jerusalem kapena ku New York, bwana akaitana wantchito wamkazi kuti akambirane, chitseko amachisiya chotsekula kuti wodutsa athe kulowa.

Ena amati kutero ndi kukayikira akazi. Koma tamvani za Rav Amram, mphunzitsi wachiyuda wakale wa mumzinda wa Nehardea ku Babulo, amene anthu ankamutcha woopa Mulungu. Akazi ena owomboledwa ku ukapolo anawasungitsa m'chipinda chake cham'mwamba, makwerero n'kuchotsapo. Iye ataona mmodzi wa akaziwo akudutsa, mtima unamuthawa. Ananyamula yekha makwerero oti anthu 10 sangawathe, n'kuyamba kukwera. Atafika pakati anaima nji, n'kukuwa kuti, "Moto kwa Amram!" Aphunzitsi anzake anathamangira n'kumupeza ali pomwepo pamakwerero, manyazi onse poyera. Anamudandaulira kuti wawachititsa manyazi, iye n'kuyankha kuti kuli bwino achite naye manyazi pano kusiyana ndi m'dziko likudzalo. Akaziwo sanawanene kanthu. Amene ankamuopa ndi iye mwini.

Ndiye wogwiritsa ntchito lamulo lotere pomana mkazi ntchito kapena pomusiya kunja kwa misonkhano, kwa ine walipotoza. Boazi sanamuthamangitse Rute m'munda. Anamuuza kuti azikunkha pomwepo, ludzu likamugwira azimwa madzi otunga anyamata, ndipo anyamatawo ndi amene anawachenjeza kuti asamukhudze.

Inu a bwana amene mwakonza zoti mutsale awiri ndi mlembi wanu anzanu akaweruka, ntchitoyo ingathe kudikira mawa m'mawa, anthu ali pomwepo.