Mayi amene amajambula ndi sizasi

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo. Achinyamata muli kumbuyoko, senderani kuno, chifukwa chimene ndagwirachi n'chaching'ono.

Mukuona nkhope ya mzimayi, eti? Yang'anitsitsani. Diso ili ndadula m'nyuzipepala imene anandikulungira tomato ku Saturday Market. Tsayali ndi kachidutswa ka chitenje kamene telala anataya pansi pa makina. Zonsezi ndamata ndi phala la ufa wa chinangwa. Luso lomata zidutswa chonchi amalitcha kolaji, ndipo pali mayi wina amene wafika nalo kutali.

Dzina lake ndi Wangechi Mutu. Anabadwira ku Nairobi, m'dziko la Kenya, mu 1972. Anakaphunzira zaluso ku America, n'kumaliza kusukulu ya Cooper Union mu 1996 ndi ku yunivesite ya Yale mu 2000. Ali komweko ankaona mmene magazini amaonetsera mkazi wa ku Africa: pena wosavala, woti alendo azimudabwa, pena wodzoladzola, woti agulitsire zovala. Zinamupweteka mtima, koma sanakangane nawo pakamwa. Anangotenga sizasi.

Ankadula milomo m'magazini a mafashoni, khungu la nyama m'magazini ya National Geographic, ziwalo za m'mimba m'mabuku akale a madokotala, ngakhale zitsulo za njinga yamoto, n'kuzilumikiza kukhala mkazi mmodzi. Kawirikawiri ankamata papepala la pulasitiki lotchedwa Mylar, limene silimwa inki. Inkiyo imangodikha pamwamba, n'kuuma ngati mawanga a pakhungu. Mkazi wotuluka pamenepo ndi wokongola komanso woopsa. Ine ndikamuona sinditha kuchotsa maso. Iye ndiye amakuyang'anani, ngati akufunsa kuti, munandidula ndani?

Mu 2019 nyumba yaikulu yosungiramo zaluso ku New York, Metropolitan Museum of Art, inapatsa Mutu malo anayi a pakhoma lake lakumaso, amene anakhala opanda kanthu chiyambire 1902. Iye anaikapo akazi anayi amkuwa, atakhala tsonga ngati mafumu pabwalo.

Amayi, nsalu zotsala zija mumayatsira mbaula musaotchenso sabata ino. Loweruka tikumane pompano, aliyense ndi sizasi, katoni ndi makalendala akale. Ufa wa chinangwa ndibweretsa ndine. Tiyambira nkhope za agogo athu.