Dengu lako lili ndi mbiri

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Khristu? M'mawa uno tiwerenge Deuteronomo 26:1-11.

Mose akuwauza Aisraele zimene adzachite akadzalowa m'dziko limene Mulungu adawalonjeza. Munthu akakolola, atapeko zoyamba za m'munda mwake, aziike m'dengu, apite nazo kumalo opembedzerako. Wansembe alandire dengulo ndi kuliika patsogolo pa guwa. Koma mwini dengu asangotula nkutembenuka. Aime pomwepo ndi kunena mbiri ya kwawo: kuti kholo lake linali Mwaramu woyendayenda, linatsikira ku Ejipito ndi anthu owerengeka, kumeneko anagwiritsidwa ntchito yakalavulagaga, analira, ndipo Mulungu anamva kulira kwawo. Akatha kunena zimenezi ndiye agwade ndi kupembedza.

Taonani, munthuyu sakufunsidwa kuti wabweretsa zochuluka bwanji. Akufunsidwa kuti akumbukire kumene Mulungu adamuchotsa.

Mawu amenewa amandikumbutsa tsiku lina la masika ku parishi kwathu. Chinali chaka cha ng'amba, chimanga chambiri chinauma chisanamasule. Ine ndinali pa tebulo pakhomo pa tchalitchi, kulemba m'kaundula zimene mphakati wathu, kagulu ka akhristu oyandikana nyumba, wabweretsa. Ena anafika ndi matumba pa njinga, wina pa ngolo, ena nkhuku m'manja. Ndinkalemba mokondwa: thumba limodzi, ndowa ziwiri, nkhuku imodzi. Kumapeto kwa mzere kunafika agogo ena amasiye, amene ankalera adzukulu atatu, atanyamula kambale ka mtedza wosenda atakavundikira ndi mpango. Cholembera changa chinaima. Ndinasowa cholemba, pakuti sinali ndowa, ngakhale theka lake. Ndipo ndivomere pamaso panu kuti mumtima ndinaganiza kuti kukanakhala bwino akanangodyetsa adzukulu awo.

Iwo sanadikire kuti ndilembe. Kwaya itayamba nyimbo ya chopereka, analowa pa mzere, kambale pamutu, akuvina pang'onopang'ono ndi miyendo yawo yotupa ija mpaka kuguwa. Misa itatha anandiuza kuti chaka chimenecho mdzukulu wawo wamng'ono adadwala malungo mpaka kukomoka, koma Mulungu anamubweza, tsono iwo akanakhala bwanji pa benchi anzawo akupita kutsogolo? Ndinachita manyazi. Ine ndinali kuwerenga ndowa, iwo anali kunena mbiri yawo monga adalamulira Mose.

Ambuye Yesu nawonso adakhalapo pansi kuyang'ana anthu akuponya ndalama m'Nyumba ya Mulungu ku Yerusalemu (Marko 12:41-44). Olemera anaponya zambiri. Mayi wamasiye anaponya timakobiri tiwiri, timene tikaphatikizidwa tinkangokwana gawo limodzi mwa magawo 64 a malipiro a tsiku limodzi a munthu waganyu. Tinali tiwiri, abale. Akanatha kuponya kamodzi ndi kusunga kenako, ndipo palibe akanamudzudzula. Yesu anaitana ophunzira ake kuti amuone mayi ameneyu, osati olemera aja.

Nchifukwa chake mtima wanga sukhala m'malo tikamawerenga maina kutsogolo pamodzi ndi ndalama zimene aliyense wapereka, wa zambiri nkumuombera m'manja ndi nthungululu, wa zochepa dzina lake nkungodutsa mwakachetechete. Ndikudziwa kuti denga la tchalitchi likufuna malata, a katekisiti akufuna thandizo, ndipo Bambo Mfumu sangafike ku matchalitchi a kumidzi popanda mafuta a galimoto. Zonsezi ndi zoona, ndipo amene Mulungu wamudalitsa ndi zambiri apereke zambiri, asabisale kumbuyo kwa mayi wamasiye uja. Koma alipo akhristu amene amajomba dala pa Sande ya pepala, tsiku la chopereka chapadera cha ndalama, chifukwa choopa kuchita manyazi. Mkhristu akayamba kuopa kubwera kwa Atate ake chifukwa m'thumba mulibe kanthu, ndiye kuti ife atsogoleri talakwitsa penapake.

Tibwerere kwa Mose, pa ndime 11. Mwini dengu akatha kupembedza, akuuzidwa kuti akondwere ndi zabwino zonse zimene Mulungu wampatsa, iye pamodzi ndi Mlevi ndi mlendo wokhala pakati pawo. Mlevi analibe gawo la dziko ngati mafuko ena. Mlendo analibe munda wa makolo. Ndime yotsatira ikuwonjezera ana amasiye ndi akazi amasiye. Choncho mphatso yopita kwa Mulungu inkathera m'mbale ya munthu wopanda munda.

Umu ndi mmene miphakati yathu iyenera kukhalira. Pamene Ambuye Patrick Kalilombe, amene anakhala Episkopi wa Lilongwe mu 1972, ankalimbikitsa miphakati m'zaka zimenezo, mawu amene anamveka ponseponse anali akuti Mpingo ndife tonse. Maepiskopi a AMECEA, bungwe la maepiskopi a Katolika a m'maiko a chigawo cha kum'mawa kwa Africa, anagwirizananso m'zaka zomwezo kuti moyo wa Mpingo uzikike m'magulu ang'onoang'ono a akhristu oyandikana nyumba. Mu mphakati timadziwana. Timadziwa nyumba imene usiku wathawu sinasonkhe moto, amene wagonekedwa kuchipatala wopanda womudikirira, mwana amene wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Kumeneko mphatso siikhala ya mu envulopu yokha. Mtolo wa nkhuni pa maliro ndi chopereka. Kukapalira m'munda mwa wodwala ndi chopereka. Kukhala pa mkeka ndi nkhalamba imene ana ake onse ali ku Johannesburg, kumvetsera nkhani zomwe inakuuzani kale kangapo, nachonso ndi chopereka.

Makolo athu adati kupatsa nkuika, ndipo sadaname: ukathandiza mnzako lero, mawa adzakukumbuka. Koma Yesu akutitengera patsogolo pang'ono. Pa Luka 14:12-14 akuti ukakonza phwando uitane osauka, olumala ndi akhungu, chifukwa chakuti iwowa alibe choti akubwezere. Pamenepa mpovuta. Ambirife timapatsa kumene tikudziwa kuti mbale idzabwerako.

Sande ikubwerayi, mkate ndi vinyo zikamapita kuguwa, wansembe adzazitchula kuti ndi zipatso za nthaka ndi ntchito ya manja a anthu. Manja amenewo ndi anu: ogwira khasu, ogulitsa tomato pa msika, ogwira choko, ochapa zovala za eni. Musanaimirire pa mzere, dzifunseni kumene Mulungu wakuchotsani chaka chino, ndipo mumuuze.

Tipemphere. Atate, zonse zimachokera kwa Inu, ndipo timakupatsani zanu zomwe. Tikhululukireni pamene tinayeza abale athu ndi ndowa. Tionetseni lero khomo limodzi mu mphakati mwathu limene tiyenera kugogoda dzuwa lisanalowe, ndipo mutipatse mphamvu zopitako. Kudzera mwa Khristu Ambuye athu. Amen.