Katekisimu wa ana athu kuno ku Boston

Moni nonse amene mukumvetsera, kaya muli kumudzi, kaya muli kunja ngati ine. Lero ndikamba za munthu amene wandithandiza kwambiri pa ntchito yanga yophunzitsa ana kutchalitchi, Pulofesa Thomas Groome wa pa Boston College.

Bambowa nawonso ndi obwera m'dziko muno la America. Anabadwira ku Ireland, m'dera la Kildare, anakhalapo ansembe, ndipo anayamba kuphunzitsa pa yunivesite ya a Jesuit imeneyi m'zaka za m'ma 1970. Chimene akhala akulimbana nacho zaka zonsezi n'chakuti chikhulupiriro tichiphunzitse bwanji kuti chisamangothera pakamwa. Mu 1980 anatulutsa buku lofotokoza njira yawo, ndipo anatengerako nzeru kwa Paulo Freire wa ku Brazil, uja ankaphunzitsa anthu osauka kuwerenga poyambira pa mavuto awo omwe.

Ife tinakula ndi katekisimu wa funso ndi yankho. Aphunzitsi afunse, ife tiyankhe pamodzi ngati nyimbo. Sindimunyoza ayi, anatiumba. Koma mwana wobadwira kuno ukamuuza kuti aloweze, amakuyang'ana m'maso n'kufunsa kuti chifukwa chiyani, ndipo sachita zimenezo mwachipongwe, kusukulu anamuphunzitsa choncho.

A Groome amati yamba ndi moyo wa mwanayo. Anene zimene akukumana nazo, aziganizire, kenako umubweretsere Mawu a Mulungu, ndipo iye yekha aone chimene Mawuwo akumuuza ndi chimene achite.

Lamulungu lina, m'chipinda chapansi pa tchalitchi, ana atavula majekete n'kuwaunjika pakona, ndinawafunsa kuti nthawi ya nkhomaliro kusukulu amakhala ndi ndani. Kamnyamata kena, makolo ake ndi a ku West Africa, kanayamba kupotokola zipi ya chikwama chake. Kanati kamadya kokha, chifukwa anzake amati chakudya chimene amayi ake amakaphikira chimanunkha. Anzake onse anangoti zii. Apo m'pamene ndinatsegula Luka 19, nkhani ya Zakeyu, munthu amene anthu a ku Yeriko ankamusala, Yesu n'kukalowa m'nyumba mwake. Sindinalalikire. Mtsikana wina amene amaphunzira naye sukulu imodzi anangoti, "Mawa ndikhala nawe."

Chimene chimandikhudza n'chakuti njirayi kwathu tili nayo kale. Ku mphakati timakhala pakhonde la mnzathu, wina anene za matenda, wina za fizi ya mwana, kenako tiwerenge uthenga wabwino n'kugwirizana kuti tikamulimire ndani. Koma tikafika pa ana, timaiwala zonsezo n'kuwapatsa zoloweza basi.

Makolo anzanga a kunja kuno, timagwira mashifiti usiku ndi usana, ndikudziwa. Komabe mukamapita naye mwana kutchalitchi, m'galimoto kapena m'sitima, mufunseni kuti sabata ino wakhala akudya ndi ndani. Mundilembere zimene akuyankheni, tidzakambirane mu pulogalamu yotsatira.