Kupatuka pa nkhani

Zikomo a mfumu, zikomo amayi ndi abambo nonse. Tisanalowe za mjigo, ndinenepo za liwu lija linatikanganitsa pa msonkhano wathawu, loti kupatuka.

Liwuli kwawo ndi pamsewu. Mukakwera minibasi pa boma pa Ntcheu kulunjika ku Dedza, muli mu M1. Mukasiya msewuwo n'kulowa wa ku Tsangano, mwapatuka. Msewu waukulu sunathe ayi, ukupitirirabe, mwausiya ndinu. Pa Lizulu paja ndiye mukudziwa, kungodumpha msewu pofuna kabichi, mwaponda kale ku Mozambique.

Nkhani nayo ili ndi msewu wake. Tsiku lija tinabwera kudzakambirana za ndalama yokonzera mjigo. Wina anatchula mbuzi zimene zimamwa pa chithaphwi cha pamjigopo. Mbuzizo zinatitengera ku chimanga chodyedwa, chimanga chinatifikitsa pa malire a minda. Dzuwa linapendeka, amayi ananyamuka kukatereka mapoto, ndipo mpaka lero ana athu akutunga kudambo. Zimandiwawa. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Koma amene anakhumudwa atauzidwa kuti apatuka, mtima ukhale pansi, sanakunyozeni. Kupatuka n'kwachibale ndi kupatula, monga kutseguka ndi kutsegula. Mbuzi yodwala timaipatula m'khola, ndipo anthu akachoka mu mpingo n'kuyambitsa wawo timati mpatuko. Monsemo muli kusiyana ndi gulu, basi. Wopatuka njira amaidziwa, angathe kubwerera. Wosochera ndi amene sakudziwanso kumene anachokera. Wobwebweta alibe ndi mutu womwe. Wozungulira ndiye wina, nkhani akuidziwa bwinobwino koma akuopa kuilasa.

Ndiye mvetserani mmene akuluakulu amachitira. Amati, "Ndipatukeko pang'ono." Kachidutswa ka "ko" kameneko ndi kupempha, ndiponso ndi lonjezo loti ndibwera. Akamaliza mumamva, "Tibwerere ku nkhani yathu ija."

Achinyamata inu, munthu wamkulu sitimukuwiza kuti mwapatuka, anthu ali gwaa kumvetsera. Timayamba taomba m'manja, kenako timati, "Agogo, mfundo yanuyo ndi yaikulu, tiisunge tiipatse tsiku lake." Alembi ailembe ndithu m'buku, chifukwa za malire zija ndi zoona, zikufunika bwalo lakelake.

Nanenso ndisatalikitse. A msungichuma, tiuzeni, m'thumba la mjigo muli ndalama zingati?