Chofunda cha Paulo

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Lero tiwerenge 2 Timoteo 1:16-18 ndi 4:9-21.

Paulo akulemba kalatayi ali m'ndende ku Roma, ukalamba utamupeza. Mnzake Dema wamuthawa, watsala ndi Luka yekha. Munthu amene anadzala mipingo ku Filipi ndi ku Korinto akupempha chiyani tsopano? Chofunda. Akuuza Timoteo kuti amutengere chofunda chimene anasiya kwa Karpo ku Trowa, ndipo afulumire nyengo yozizira isanafike. Mtumwi nayenso ankamva kuzizidwa.

Ansembe athu opuma pantchito ali momwemo. Nyumba imene wansembe amagona ali pa parishi si yake, ndi ya mpingo. Tsiku lopuma likakwana amapereka makiyi kwa womulowa m'malo. Kenako matenda amabwera, maso achita khungu, miyendo yakana, ena mutu wayamba kuiwala ngakhale mayina a ana awo. Bambo amene ankadzuka pakati pa usiku kukapempherera odwala, lero ndi amene akufunika womutembenuza pabedi. Ndipo kunena zoona, ambiri mwa iwo sangatsegule pakamwa kupempha. Anazolowera kupemphera ena thandizo, osati kudzipemphera okha.

Mpingo wa Angilikani unaliona vutoli kalekale. Mu 1655 ku London, ana a ansembe pamodzi ndi amalonda anayamba kusonkha ndalama zothandizira ansembe amene anachotsedwa m'maparishi nthawi ya Oliver Cromwell, amene ankalamulira dziko la England, n'kusauka. Ntchitoyo ikupitirirabe, lero dzina lake ndi Clergy Support Trust. Mu 1895 Canon William Henry Cooper, ataona ansembe okalamba akuthera m'nyumba za amphawi, anayambitsa malo owasungira amene tsopano ndi College of St Barnabas ku Lingfield, m'chigawo cha Surrey. Kumeneko kuli anamwino, kulinso tchalitchi, kuti wodwala asasowe Ukaristiya umene iye anagawira ena zaka zonse zija. Amene thumba lawo silikwana, zopereka za anthu n'zimene zimawafikitsa.

Koma amene wandigwira mtima m'mawa uno ndi Onesiforo, bwenzi la Paulo. Atafika ku Roma sanadikire kuti Paulo atumize uthenga. Anamufunafuna mwakhama mpaka anamupeza, osachita manyazi ndi unyolo wake. Ife nanga? Amene anakubatizani, anadalitsa ukwati wanu, anaika m'manda amayi anu, mukudziwa kumene ali? Mbale ya chopereka cha ansembe odwala ikadutsa, musaponye zotsalira. Funsaninso ku ofesi ya dayosisi kumene akukhala, mukawaone sabata ino.

Tipemphere. Ambuye, atumiki anu okalamba musawasiye mphamvu zawo zikatha. Limbitsani anamwino ndi onse owasamalira, ndipo masulani manja athu. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.